Minibasi ya ku Nchalo ndi Woponya Mpira wa ku Boston

Amene munalipo pa msonkhano wathu wapitawu mukukumbukira kuti titamaliza nkhani ya zopereka, nsima itafika patebulo, panabuka mkangano wa mpira umene unatalika kuposa msonkhano weniweniwo. Masapota a Arsenal anakhala mbali yawo, a Chelsea mbali yawo, aliyense kuwerengera mnzake osewera amene timu yake inatayirapo ndalama. Wina akati Pépé, mapaundi 72 miliyoni, mnzake amabweza kuti nanga Lukaku, mapaundi 97.5 miliyoni. Ine amene mumandidziwa ndi kulongolola ndinangoti duu, mpaka mayi wina anandifunsa ngati m'thupi muli bwino. M'thupi munali bwino ndithu. Kungoti mkangano wotere umandikumbutsa mlandu wa ine ndi mphwanga, umene unatsala pang'ono kutidanitsa mpaka kalekale, ndipo chimene chinathandiza kuumasula ndi masewero amene ambiri a ife sitinawaonerepo chibadwire, otchedwa baseball. Ndiloleni ndiyambire kumudzi.

Ndinafika kuno ku London mu 2003, ndipo monga ambiri a inu ndakhala ndikugwira ntchito ya usiku yosamalira okalamba. Kwathu ndi ku Chikwawa. Pofika 2016 ndinali nditasunga mapaundi 7,000, ndalama ya mashifiti a pa Khrisimasi, ya kuyenda pansi anzanga akukwera basi. Ndinali nditatopa ndi kutumiza ndalama mwezi ndi mwezi, lero ya feteleza, mawa ya fizi, mkuja ya kuchipatala. Ndinaganiza zogula minibasi yoti iziyenda pakati pa Blantyre ndi Nchalo, mphwanga aziyang'anira, banja lizidya za pomwepo.

Sindinachite mopupuluma. Miyezi itatu mphwanga ankakhala pa siteji ndi kope, kulemba kuti minibasi imodzi imayenda maulendo angati patsiku, imamwa mafuta a ndalama zingati potsika ndi pokwera phiri lija la ku Thabwa, oitanira amatenga zingati. Galimoto itapezeka, Toyota Hiace yoti inayendapo kale, ndinalipira makaniko wapadera, wosadziwana ndi wogulitsayo, kuti aunike injini ndi giyabokosi. Dalaivala tinasankha bambo wa pabanja, wa laisensi yoyenera, wosamwa. Madzulo alionse mphwanga ankajambula tsamba la kope la ndalama n'kunditumizira pa WhatsApp, ine n'kumaliwerenga pakati pa usiku, agogo anga achizungu atagona. Kwa zaka pafupifupi zitatu zinthu zinayenda. Ana awiri a mlongo wanga anaphunzira ku sekondale osathamangitsidwako fizi, nyumba ya amayi inafoleredwa ndi malata, ndipo foni yanga inasiya kulira pa 25 mwezi ulionse.

Kumayambiriro kwa Malichi 2019 kunagwa chimvula chija cha masiku angapo osakata, chimene kenaka chinapita kunyanja n'kubwerera ngati namondwe wa Idai amene anasakaza mzinda wa Beira. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje mitsinje inasefukira. Tsiku lina madzulo minibasi yathu inali ku Nchalo, ndipo mphwanga analetsa dalaivala kubwerera ku Blantyre. Anaiimika pa bwalo la mnzake, pomwe inkagona masiku ena. Usiku madzi anabwera mpaka kufika m'mawindo, ndipo atachoka anasiya matope mu injini ndi m'mawaya monse. Sabata isanathe anthu osadziwika anali atamasula batire, matayala awiri ndi mipando. Inshuwaransi yathu inali ija yotchipa, yongolipira munthu amene wamugunda. Sitinalandire ngakhale tambala.

Mawu amene ndinamuuza mphwanga pa foni sindingawalembe onse pano. Ndinamuuza kuti wamiza thukuta langa la zaka 13, kuti akanailola kukwera ku Blantyre bwenzi ili moyo, kuti munthu wa nzeru zake saimika galimoto m'chigwa mvula ikugwa. Iye anangoti, “Ndamva, achimwene.” Kuyambira tsiku limenelo sitinalankhulanenso. Amayi anayesa kutiyanjanitsa, amalume anayesa, ine osatheka. Ndipo achibale ambiri anagamula mlandu monga ndinaugamulira ine: galimoto yafa, woyang'anira anali uyu, wolakwa ndi yemweyu basi.

Kuti ndibweze pang'ono zotayikazo, ndinayamba ganyu ya kumapeto kwa sabata yoyang'anira anthu m'mabwalo a zamasewero, ija yovala jekete lowala n'kumalozera anthu mipando yawo. Loweruka pa 29 Juni 2019 ananditumiza ku London Stadium ku Stratford, bwalo la Olimpiki ya 2012 lomwe West Ham inasamukirako mu 2016. Tsiku limenelo silinali bwalo la mpira wa miyendo ayi. Anali atayala kapinga wina n'kuthira dothi lochokera ku America komweko, chifukwa kwa nthawi yoyamba matimu a ligi yaikulu ya baseball amadzasewera masewero a ligi kuno ku Ulaya. Anali New York Yankees ndi Boston Red Sox, adani a kalekale ngati Bullets ndi Manoma. Munalowa anthu oposa 59,000, Prince Harry ndi Meghan analipo, ndipo kunatentha ngati ku Nchalo komweko, madigiri 34.

Amene tinkasewera raundasi ku pulayimale sitingavutike kwambiri kuwamva masewerowa. Wina amaima pa kachulu pakati pa bwalo n'kuponya kampira kolimba, wa timu inayo amakamenya ndi chibonga n'kuthamanga kuzungulira ngodya zinayi, ndipo akabwerera pomwe anayambira osatulutsidwa ndiye kuti timu yake yapeza chigoli. Pali zigawo 9, ndipo m'chigawo chilichonse timu imamenya mpaka anthu ake atatu atatulutsidwa. Munthu wofunika kuposa onse ndi woponyayo. Amene wayamba masewero amayembekezeka kupirira zigawo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, ndipo oponya odalirika amalandira ndalama zoti ena a ife tikamva timayesa nthano.

Lamulo la ganyu imeneyi ndi lakuti uzifulatira masewero, maso akhale kwa anthu. Koma khosi la munthu limatembenuka. Woponya wa Boston, Rick Porcello, anatulutsa munthu mmodzi yekha, anamumwetsa zigoli 6, ndipo kochi anabwera kudzamulanda mpira chigawo choyamba chisanathe. Wa Yankees, Masahiro Tanaka wa ku Japan, anatulutsa awiri, nayenso anamwa 6, nayenso anachotsedwa. Chigawo choyamba chokha chinatenga pafupifupi ola lathunthu. Masewero onse anatenga maola 4 ndi mphindi 42, Yankees n'kupambana 17 kwa 13.

Pa mpando wa kumapeto, pafupi ndi masitepe pomwe ndinaima, panali bambo wachikulire wochokera ku Boston, nkhope itafiira ndi dzuwa, atavala malaya olembedwa dzina la Porcello kumsana. Woponya wakeyo akutuluka ataweramitsa mutu, ndinamunena mwachipongwe pang'ono kuti, “Bambo, amene anagula munthu ameneyu ntchito akadali nayo?” Anaseka mpaka kutsokomola. Anati ntchito inamuthera kalekale, ndipo popeza masewero anali aatali, anandifotokozera nkhani yonse pang'onopang'ono, ine maso kwa anthu, khutu kwa iye.

Boston inatenga Porcello kuchokera ku Detroit mu Disembala 2014 posinthanitsa ndi womenya wotchuka wa ku Cuba, Yoenis Céspedes. Mu Epulo 2015, asanaponye ngakhale mpira umodzi wa ligi mu malaya a Boston, anamusainitsa kontrakiti ya zaka zinayi ya madola 82.5 miliyoni. Chaka chimenecho anapambana masewero 9 n'kuluza 15, ndipo mu Ogasiti mkulu amene anamusainitsa, Ben Cherington, anachoka pa mpando. Amene anabwera kudzalamulira anali Dave Dombrowski, yemwe uja anali ku Detroit n'kumugulitsa Porcello miyezi ingapo m'mbuyomo. Mu 2016 Porcello anapambana 22 n'kuluza 4 okha, ndipo analandira mphoto ya Cy Young, ya woponya wopambana onse mu ligi yawo. Mu 2017 analuza masewero 17, kuposa woponya wina aliyense. Mu 2018 anapambana 17 ndipo Boston inatenga chikho cha World Series. Ndiyeno lero, ku London, wakanika kumaliza chigawo choyamba.

Bambo uja anati mu 2015 anaimbapo foni ku wailesi kufuna kuti Cherington achotsedwe, mu 2016 anagula malaya avalawa, mu 2017 anawabisa pansi pa sutikesi, mu 2018 anawatulutsanso. Kenaka anati, “Mnzanga, munthuyu ndi yemweyo, dzanja ndi lomwelo, kontrakiti ndi yomweyo. Amene ndakhala ndikusinthasintha ndine.” Ndinamufunsa kuti nanga pomaliza penipeni kumugulako kunali kwanzeru kapena ayi. Anati funso limenelo yankho lake lili pa tsiku losaina, osati pa zimene zinadza pambuyo. Pa tsiku limenelo akuluakulu ankadziwa kuti mnyamatayu ali ndi zaka 26 zokha, waponya nyengo 6 ku Detroit thupi lisanamuvutitse kwenikweni, ndipo akumumangirira zaka zinayi pamene oponya ena okulirapo amafuna zisanu ndi ziwiri. Ankadziwanso kuti sanali wa gulu lija loopsa lophonyetsa omenya kawirikawiri, moti munthu atha kunena kuti mtengo unakwera. Anati mkangano wa nzeru ndi umenewo, ndipo ukanatha kuchitika usiku womwewo wa kusaina. Zinazo, anati, ndi mphepo.

Za Tanaka ananenanso zofanana. Mu 2013 ku Japan anapambana masewero 24 osaluza ngakhale amodzi. Yankees inamupatsa madola 155 miliyoni a zaka 7, n'kulipiranso timu yake madola 20 miliyoni. Mu Julayi 2014, theka la nyengo yake yoyamba litangokwana, mtsempha wa m'chigongono unang'ambika mbali imodzi. Woponya amaponya mipira pafupifupi 100 pa masewero amodzi, yambiri pa liwiro la makilomita 145 pa ola kapena kuposa, ndipo chigongono cha munthu sichinalengedwere zimenezo. Madokotala amaunika asanasaine, koma palibe amene angalozeretu tsiku limene mtsempha udzaduke. Paja chakudza sichiimba ng'oma.

Mwana wanga wamkulu, amene anabadwira konkuno ndipo masamu amawakonda kuposa nsima, ndi amene anandionjezera mbali yotsala patapita masiku. Mu 2001 mnyamata wina wa ku Chicago, Voros McCracken, amene ankagwira ntchito mu ofesi ya maloya, anasindikiza zimene anapeza atasanthula ziwerengero za oponya ambirimbiri. Anapeza kuti mpira ukangomenyedwa n'kupita m'kati mwa bwalo, woponya alibe mphamvu yambiri pa zoti uwakhidwa kapena ugwera poyera. Pa mipira 10 yotere pafupifupi itatu imapulumuka, kaya woponyayo ndi katswiri kaya ndi wamba, ndipo amene chaka chino waoneka wamwayi chaka chamawa amaoneka watsoka. Zimene zilidi m'manja mwake ndi kuphonyetsa womenya mpaka atuluke, kusaponya pambali mpaka womenyayo apatsidwe ulendo waulere, ndi kusalola kuti mpira umenyedwe mpaka kudumpha mpanda. Poyamba anthu anamutsutsa. Ena atabwereza kafukufukuyo anapeza kuti anakokomeza pang'ono, koma kwakukulukulu amanena zoona. Red Sox yomweyo inamulemba ntchito ya upangiri, ndipo Michael Lewis anamutchula m'buku lake la 2003 lotchedwa Moneyball. Ngakhale zipambano 22 za Porcello zija sizinali zake yekha, chifukwa mu 2016 omenya a Boston anagoletsa kuposa timu ina iliyonse, ndipo woponya amene anzake akumugoletsera chotero amapambana ngakhale tsiku limene sanadzuke bwino.

Ife a mpira wa miyendo zimenezi timazidziwa, kungoti sitifuna kuzivomera. A Arsenal mukumukumbukira Eduardo. Arsène Wenger anamugula ku Dinamo Zagreb mu 2007 ali ndi zaka 24, atagoletsa zigoli 34 mu ligi ya ku Croatia nyengo imodzi. Anali atangoyamba kuzolowera mpira wa kuno pamene anathyoledwa mwendo ku Birmingham pa 23 Febuluwale 2008, Arsenal ili pamwamba pa ligi. Anakhala pafupifupi chaka osasewera ndipo mu 2010 anagulitsidwa ku Shakhtar Donetsk. Kodi Wenger analakwitsa kumugula? Nanga a Chelsea, Fernando Torres uja munamugula mapaundi 50 miliyoni mu Januwale 2011, aliyense akudziwa kuti bondo lake linachitidwa opaleshoni kawiri mu 2010 ndipo ku World Cup ya ku South Africa sanagoletse. Anakupatsani zigoli 20 pa masewero 110 a ligi. Koma chifukwa cha chigoli chimodzi chija cha ku Barcelona mu Epulo 2012, mpaka lero ena a inu mumati ndalama inabwerera. Wina anagulidwa mwanzeru n'kugwa tsoka, wina anagulidwa ndi mtima wa mwini timu n'kupeza usiku umodzi waulemerero, ndipo ife timaimba nyimbo za wachiwiriyu.

Kuchokera ku Stratford usiku umenewo ndinayenda pansi kupita kunyumba, mapazi akuwawa, ndipo za Porcello zinanditsogolera ku puloti yanga ya ku Mpemba. Puloti imeneyi ndinaigula mu 2008 pa foni, kudzera mwa msuweni wa mnzanga, osaiona, popanda pepala lina lililonse kupatula kakalata ka pamanja. Ndinatumiza ndalama Lachisanu chifukwa anandiuza kuti Lolemba ibwera kwa wina. Lero mtengo wake unakwera kangapo, kwacha itagwa mu 2022 ndi mu 2023 malowo sanagwe nayo, ndipo kumudzi akamakamba za ine amati mwana uja ndi wa mutu, anaona patali. Sindinaone chilichonse. Mnzanga amene anagula chimodzimodzi mwezi womwewo, kwa anthu a mtundu womwewo, anapeza kuti malo akewo anagulitsidwanso kwa anthu ena awiri, ndipo mlandu unamudyera ndalama yoposa ya puloti. Iye amatchedwa chitsiru, ine wanzeru, chonsecho tinachita chinthu chimodzi. Kwa zaka 11 ndinali ndikulandira ulemu umenewu osachita nawo manyazi.

Ndiye ndinayesa kumuweruza mphwanga monga bambo wa ku Boston anaweruzira Cherington, pa zimene ankadziwa madzulo aja. Mvula inali itagwa masiku atatu. Kunali kukuda. Kuti minibasi ifike ku Blantyre imayenera kuoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu n'kukwera phiri lija lokhotakhota, lomwe ngakhale masana dzuwa likuswa mtengo timakwera tikupemphera, ili ndi anthu odzaza, miyala ndi matope zikutsetserekera mu msewu. Malo amene anaiimika sanali m'mbali mwa mtsinje, ndipo inali itagonapo kambirimbiri. Ndikanakhala ine pa siteji paja, ndikanachita chiyani? Ndinayesa kudzinamiza, koma yankho linali lomwelo: ndikanaiimika. Ndipo dalaivala akanaumirira n'kukwera, n'kufika bwino, ndikanamutcha ngwazi pa chinthu chimene chikanatha kupha anthu 16.

Apa mwina mukuganiza kuti nkhani yathera pakuti zonse zinali tsoka, palibe wolakwa. Inenso ndinafuna kuti ithere pomwepo, chifukwa mawu akuti “njira inali yabwino, ndi tsoka chabe” ndi okoma kwambiri m'kamwa mwa munthu amene waluza. Koma munthu ukavomera kuweruza ndi zimene zinkadziwika pa nthawiyo, uyenera kuwerenga zonse zimene zinkadziwika, osati zokhazo zokukomera. Mu Januwale 2015, chaka chimodzi ndisanagule minibasi, madzi osefukira anasakaza chigwa chonse cha Shire, ndipo ine ndemwe ndinayenda ndi mbale pakati pa a Malawi kuno kutolera thandizo. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti galimoto yanga izikagona m'chigwa chimene chimamira. Nditafika kunyumba ndinatsegula WhatsApp n'kubwerera m'mbuyo, kudutsa zithunzi za kope mazanamazana, mpaka ndinapeza uthenga wa mu 2017. Mphwanga amandifunsa ngati tingasinthe inshuwaransi n'kutenga ija yaikulu, atafunsa kale mtengo wake ndi zimene imalipira. Yankho langa linali la mawu atatu: “Yadula, tisiye kaye.” Miyezi inayi yonse ya kusalankhulana, iye sanandikumbutse za uthenga umenewu, ngakhale kudzera mwa amayi.

Panalinso china chimene bambo wa ku Boston sakanandiuza, chifukwa timu yake ndi yolemera. Red Sox itha kulakwitsa pa woponya mmodzi n'kupindula pa anayi, chaka chikamatha zabwino ndi zoipa zimafafanizana. Ngakhale Brentford ya kuno kumadzulo kwa London, imene imatamandidwa pogula osewera ndi masamu chiyambire pamene Matthew Benham anaitenga mu 2012, imadalira kuchuluka kwa maulendo. Inagula Ollie Watkins ku Exeter pa mapaundi 1.8 miliyoni mu 2017 n'kumugulitsa ku Aston Villa pa 28 miliyoni mu 2020. Italuza kwa Fulham ku Wembley chaka chomwecho sinasinthe njira, inagula Ivan Toney ku Peterborough, anagoletsa zigoli 31 mu ligi, ndipo mu Meyi 2021 inakwera ku ligi yaikulu koyamba chichokere 1947. Koma Brentford yomweyo mu 2015 inalemba kochi wa ku Netherlands, Marinus Dijkhuizen, n'kumuchotsa Seputembala asanathe. Inalakwitsa, inavomera, inali ndi ndalama yoyeseranso. Ine ndinali ndi mwayi woponya kamodzi kokha, ndipo ndalama yonse ndinaiika pa chinthu chimodzi cha matayala anayi. Ndinawerengera mafuta, ndinawerengera oitanira, ndinaunika giyabokosi, koma funso lakuti “ikafa mawa titsala ndi chiyani” sindinalifunse. Kwa munthu wa ganyu ngati ine funso limenelo linayenera kukhala loyamba.

Lamulungu m'mawa, ndisanapite ku masewero achiwiri, ndinaimba foni. Inaitana nthawi yaitali.

“Achimwene, kwagwanji? Amayi ali bwino, ndinali nawo dzulo.”

“Palibe chagwa. Ndimafuna undiuze za tsiku lija. Kuyambira m'mawa.”

Anakhala chete, kenaka anafotokoza. Anati dalaivala ankafuna kukwera chifukwa mkazi wake anali woyembekezera ku Blantyre, ndipo anthu amene anali atalipira kale anamutukwana iye powabwezera ndalama. Anati minibasi ina imene inanyamuka patsogolo pawo inagona m'njira, anthu ali momwemo. Anati madzi atayamba kukwera usiku anathamangira komweko ndi anzake awiri, anayesa kuikankha, koma madzi atafika m'chiuno anaisiya. Chimene anapulumutsa ndi kope la ndalama, analinyamula pamutu. Zonsezi ndinali ndisanazimve, chifukwa mu Malichi muja sindinafunse.

“Uthenga uja wa inshuwaransi ndauona,” ndinatero. “Bwanji sunandikumbutse?”

“Ndalama inali yanu, achimwene. Ndikanati chiyani?”

Ndinapepesa. Sizinatuluke bwino, kupepesa kwa mkulu kwa mng'ono wake sikutuluka bwino, koma anamva. Tsiku limenelo Yankees inapambananso, 12 kwa 8. Bambo wa ku Boston sindinamuonenso, anandiika mbali ina ya bwalo. Mu Seputembala chaka chomwecho ndinamva kuti Dombrowski nayenso wachotsedwa, chaka chisanathe chitengereni chikho.

Kwa a Arsenal amene munandidabwa pa msonkhano paja, za Pépé ndili nazo zonena, ndipo tsiku lina ndidzazinena nsima isanazizire. Sindidzayambira pa zimene anachita ku Emirates. Ndidzayambira pa Ogasiti 2019, pamene zinkadziwika kuti wagoletsa zigoli 22 mu ligi ya ku France, kuti 9 mwa izo zinali mapenate, ndiponso kuti nyengo yoopsa chotero anali nayo imodzi yokha. Pamenepo ndiye tikangane ngati mapaundi 72 miliyoni anali oyenera.

Chigoba cha minibasi tinachigulitsa kwa anthu a masipeya. Ndinaonjezerapo ya ganyu ya ku mabwalo ija, ndipo mu 2020 tinagula njinga zamoto ziwiri za kabaza, ndalama ina n'kuisiya ku banki osaikhudza. Maganizo ogula ziwiri m'malo mwa chinthu chimodzi chachikulu anali a mphwanga. Mu 2022 anandiimbira usiku ndili ku ntchito, mawu akunjenjemera, kuti njinga imodzi yabedwa. Ndinatuluka panja kuti ndisadzutse agogo. Ndinamufunsa kaye ngati mnyamata woyendetsayo wavulala, anati ayi, anangomuopseza ndi chikwanje. Ndinafunsa kuti inali nthawi yanji ndipo anali kuti. Anati inali 5 koloko madzulo, kukuwala, pa msewu umene amayenda tsiku ndi tsiku, ndipo amene anamukwera anaoneka ngati munthu wochokera kumsika, ali ndi jumbo ya tomato m'manja.

“Chabwino,” ndinatero. “Inayo ikuyenda?”

“Ikuyenda, achimwene.”

“Mnyamatayo umupatse ya sabata ino yonse. Mawa undijambulire kope.”